Paipi yaikulu ya madzi ikaphulika: zoyenera kuchita m'mahotela ndi m'malo achisangalalo a mu Harare

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa amene tili mu Harare timapezera chakudya m'mahotela, m'maloji ndi m'malo osangalalirako ana. Ena ndife ophika, ena okonza zipinda, ena osamalira kapinga ndi maiwe osambiramo, ndipo ena ndife alonda a usiku, amene nthawi zambiri timakhala oyamba kuona madzi akutumphuka pansi pa tala n'kusefukira mumsewu. Paipi yaikulu ya khonsolo ikaphulika pakati pa usiku kapena Loweruka masana, bwana amakhala ali kwawo, pulambala ali kutali, ndipo zochita zoyambirira zimagwera munthu amene ali pantchito pa nthawiyo. N'chifukwa chake malangizo awa ndalembera inu antchito anzanga pamodzi ndi oyang'anira anu. Chimene ndikufuna kuti muchigwiritsitse n'chakuti nthawi yoopsa kwambiri si pamene mipope yauma, pakuti pamenepo aliyense amaona yekha kuti madzi kulibe ndipo amasamala, koma pamene madzi abwerera, anthu onse mtima uli m'malo.

Madzi ambiri a mzinda uno amachokera m'nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 pamtsinje wa Manyame, ndiponso m'nyanja ya Manyame imene ili kumunsi kwake. Amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kenako mapampu amawakankha kudzera kumalo opopera madzi a Warren Control mpaka m'mathanki akuluakulu a kumtunda monga a ku Letombo ndi ku Alexandra Park, pomwe gawo locheperapo limachokera kumalo oyeretsera madzi a Prince Edward, kumene amatunga m'madamu a Seke ndi Harava. Mapaipi ambiri amene madziwa amadutsamo anakwiriridwa dziko lino lisanalandire ufulu mu 1980, ena ndi achitsulo chimene chadyeka ndi dzimbiri, ena ndi a simenti yosakaniza ndi asibesitosi imene imathetheka ikakalamba. Paipi yotere imapirira ikamakhala yodzaza nthawi zonse, koma kuno madzi amagawidwa mosinthanasinthana ndipo mapampu amaima magetsi akathima, motero paipi imauma, imadzaza mpweya, ndipo madzi akabwera ndi mphamvu amamenya pamalo olumikizira mpaka pena pake pang'aluka.

Paipi ikang'aluka, mphamvu ya madzi imagwa, ndipo m'malo mokankha madzi kunja imayamba kukoka zimene zaizungulira, monga mmene munthu amakokera madzi a pachitsime ndi kabango. M'misewu yambiri mapaipi a madzi akumwa ndi a suweji anayalidwa moyandikana, ndiye zimene zimakokedwazo si matope okha ayi. Amene tinalipo mu 2008 ndi 2009 tikukumbukira kolera imene inadwalitsa anthu pafupifupi 100,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo mu September 2018 nthendayi inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, kumene zonyansa za m'suweji zinalowa m'madzi amene anthu ankamwa. Hotela imene yalowetsa madzi oterewa m'thanki yake imakhala itawagawira mlendo aliyense, khitchini yonse ndi makina onse opangira ayezi.

Zokonzeratu tsiku lisanafike

Ntchito yoyamba ndi yodziwa pamene pali mavavu. Vavu imene ili mkati mwa mpanda, madzi atangodutsa pamita, ndi yanu ndipo ndi imene mudzathamangire. Ya kumsewu ndi ya khonsolo, ndipo musaikhudze ngakhale mutaona madzi akutayika, chifukwa mukhoza kutsekera chipatala kapena sukulu imene ili pamzere womwewo. Pamalo ambiri vavu ya mkatiyo imapezeka itakwiririka ndi dothi, chivundikiro chake chitamera udzu, ndipo chogwirira chake chitauma ndi dzimbiri moti amuna awiri sangachipotoze. Ifukuleni tsiku limene kulibe vuto, muipake utoto wowala, muziitseka ndi kuitsegula kangapo pachaka kuti isaume, ndipo sipanala yake ikhale pamsomali m'nyumba ya alonda, osati m'kabati ya bwana imene kiyi wake amapita naye kunyumba. Mlonda aliyense, ngakhale wongogwirizira, aonetsedwe vavuyo ndipo aipotoze ndi manja ake.

Pamalo pamene pali chitsime chokumba ndi makina, onetsetsani kuti paipi ya chitsimecho sinalumikizidwe mwachindunji ndi ya khonsolo. Iliyonse izithira m'thanki kuchokera pamwamba, pakhale mpata wa mpweya pakati pa kamwa ya paipi ndi madzi a m'thankimo, ndipo pafupi ndi mita pakhale vavu yosalola madzi kubwerera m'mbuyo. Popanda zimenezi, paipi ya kumsewu ikaphulika imatha kukoka madzi onse amene munasunga n'kukawatayira mungalande.

Kenako werengani madzi amene muli nawo, osati ndi maso koma ndi pensulo. Chimbudzi chakale chimataya malita 9 kapena kuposerapo paulendo umodzi, chatsopano pafupifupi malita 6, ndipo shawa imatha kutaya malita 10 pamphindi imodzi. Tiyerekeze hotela ya zipinda 40 yokhala ndi alendo 80: aliyense akagujumula chimbudzi chakale kasanu n'kusamba mphindi 5, ndiye kuti malita oposa 7,000 apita tsiku limodzi, tisanawerengere khitchini, kochapira ndi antchito. Thanki imodzi ya JoJo ya malita 5,000 imaoneka yaikulu ikaima kuseri kwa nyumba, koma pahotela yotere siifika madzulo. Pamalo achisangalalo mpovuta koposa, pakuti anthu 1,000 akalowa m'chimbudzi kawiri aliyense, zimbudzi zakale zokha zimameza malita 18,000. Madzi ozimitsira moto akhale ndi thanki yawoyawo kapena mlingo wake umene suloledwa kutsika, ndipo mapampu okwezera madzi m'zipinda zam'mwamba akhale olumikizidwa ku jenereta.

Ola loyamba

Mukangoona madzi akusefukira mumsewu, kapena mipope ikuchepa mphamvu mwadzidzidzi n'kumalavula mpweya, tsekani vavu ya pamita musanachite china chilichonse, musanaimbe ngakhale foni. Madzi amene ali m'thanki yanu pa mphindi imeneyo ndi oyera, ndipo vavuyo ndi imene ikuwasiyanitsa ndi zimene zikubwera m'mbuyomo. Ine ndimaona kuti mlonda amene watseka vavu pachabe, n'kupezeka kuti panalibe vuto, sayenera kudzudzulidwa ngakhale pang'ono, chifukwa akadzudzulidwa kamodzi, tsiku lenileni adzayamba wadikira chilolezo.

Mukatero thimitsani magiza (mathanki otenthetsera madzi ndi magetsi) onse amene salandira madzi kuchokera m'thanki, pakuti waya wotenthetsera ukayaka mopanda madzi umapsa m'mphindi zochepa, ndipo thimitsaninso pampu iliyonse imene ingazungulire youma. Imitsani makina ochapira, zothirira kapinga, akasupe okongoletsa pakhomo ndi paipi yowonjezera madzi m'dziwe losambiramo. Yang'anani mlingo wa thanki iliyonse, mulembe m'buku pamodzi ndi nthawi, ndipo muzibwereza maola awiri alionse kuti mudziwe liwiro limene madzi akuthera. Pambuyo pake dziwitsani a khonsolo, mutchule dzina la msewu, mphambano yapafupi ndi kukula kwa madzi amene akutuluka, mutumize chithunzi ngati n'kotheka, ndipo mulembe dzina la ofesi imene yalandira uthengawo.

Ngati madzi osefukirawo alowa mkati mwa mpanda, ganizirani za magetsi musanaganizire za matope. Makatungwe amagetsi, tisitima ta ana ndi zina zozungulira zimakhala ndi mabokosi a mawaya pansi kapena m'maenje okwiririka, choncho tsitsani ana onse mwadongosolo, muthimitse magetsi pagwero lake, ndipo chipangizo chilichonse chimene madzi afika pamaziko ake chisayatsidwenso mpaka katswiri atachiona. Madzi othamanga pansi pa nthaka amakokolola dothi n'kusiya mphako pansi pa njerwa zoyala ndi pansi pa tala, pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndiye tchingani malo onsewo ndi zingwe ndipo galimoto zisadutsepo.

Madzi otsalawo agawidwe motsatira kufunika kwake: akumwa ndi ophikira patsogolo, osamba m'manja pambuyo pake, kenako a m'zimbudzi, ndipo osamba thupi lonse pomalizira. Dziwe losambiramo litsekedwe kwa osambira ndipo likhale nkhokwe ya madzi ogujumulira zimbudzi, amene antchito azitunga m'ndowa n'kupereka m'zipinda. Madzi a m'dziwe si akumwa, si otsukira mbale ndiponso si otsukira mkamwa, ndipo ndowa zake zikhale za mtundu wosiyana ndi za kukhitchini kuti wina asasokoneze.

Alendo auzidwe msanga ndiponso auzidwe zoona. Wolandira alendo angathe kunena kuti, "Pepani bambo, pepani mayi, paipi yaikulu ya mumsewu yaphulika ndipo tatseka madzi ochokera kunja kuti tikutetezeni. Takuikirani madzi a m'mabotolo akumwa ndi otsukira mkamwa, ndipo a m'ndowa ndi a kuchimbudzi okha." Musalonjeze ola limene madzi abwerere, chifukwa okonza paipi sali m'manja mwanu, ndipo mlendo amakhululuka vuto mosavuta kusiyana ndi lonjezo losakwaniritsidwa. Pampope uliwonse pamatidwe kapepala ka Chingerezi ndi Chishona, ndipo mufufuze mwapadera zipinda zimene muli makanda omwa mkaka wosungunula, okalamba ndi odwala, kuti amenewa alandire madzi owiritsa asanawapemphe.

Pamalo osangalalirako ana, monga amene timawadziwa ku Longcheng Plaza, ku Greenwood Park kapena kuchionetsero cha zaulimi cha ku Exhibition Park, muyezo wosankhira kutseka kapena kupitiriza ndi zimbudzi ndi posamba m'manja. Makatungwe angathe kuzungulira tsiku lonse popanda dontho la madzi, ndipo apa ndi pamene pamagona chiyeso, chifukwa ndalama za pageti zimalowabe. Koma ana mazanamazana amene akudya tchipisi ndi manja, akugwira zitsulo zimodzimodzi ndipo akutuluka m'zimbudzi zosagujumula, ali pangozi yoposa phindu la tsiku limenelo. Zimbudzi zikayamba kulephera, lekani kugulitsa matikiti, uzani amene ali mkati, ndipo muwabwezere ndalama kapena muwapatse matikiti a tsiku lina. Zotsetserekera za m'madzi ndi timaiwe ta ana aang'ono zitsekedwe pomwepo, pakuti madzi ake amafuna kuwonjezeredwa ndi kusefedwa nthawi zonse, ndipo ana amawameza. Ogulitsa zakudya asiye zakumwa zosungunula ndi ayezi wopangidwa pamalopo, agulitse za m'mabotolo otseka zokha. M'miyezi ya September ndi October, pamene dzuwa limaswa mtengo, madzi akumwa aperekedwe kwa ana ngakhale kwaulere pamene mukuwatulutsa.

Posamba m'manja mungathe kupakonza ndi zigubu zokhala ndi kampope ndi sopo. Ngati mukukayika madziwo, sungunulani supuni yaikulu imodzi yosasefukira ya klorini ya HTH m'malita 20, ndipo amenewa ndi osambira m'manja okha. Opukutira matebulo, zitseko ndi pansi pa zimbudzi akhale amphamvu kuposa apa, masupuni 2 m'malita 10, ndipo onsewa azikonzedwa atsopano tsiku lililonse chifukwa klorini imatha mphamvu, makamaka padzuwa.

Vuto likapitirira tsiku limodzi, ambiri amaitana bauza, galimoto ya thanki yonyamula madzi. Musalandire madzi chifukwa chakuti ndi oyera m'maso. Funsani kumene atungidwa, funsani ngati thanki ya galimotoyo imanyamula madzi akumwa okha, ndipo yang'anani paipi yothirira ngati sinakhale ikukwekwerezeka m'matope. Pamenepa wosamalira dziwe losambiramo ndiye amakhala munthu wofunika kwambiri pamalo ponse, chifukwa ali ndi kabokosi koyezera klorini. Atunge madzi a m'bauza m'kabotolo kake, aponyemo kapiritsi ka DPD, agwedeze: madzi akasanduka ofiirira pang'ono ndiye kuti muli klorini, akangokhala mbee ndiye kuti mulibe. Madzi ambiri a mabauza ndi a m'zitsime ndipo amabwera opanda mankhwala, choncho muyenera kuthiramo nokha mpaka muyezo ufike pa mamiligalamu 0.5 palita imodzi patapita mphindi 30. Madzi ochepa a kukhitchini mungawateteze ndi Aquatabs kapena WaterGuard motsatira zolembedwa papaketi, kapena kuwawiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu.

Madzi akabwerera

Uthenga ukamveka kuti paipi yakonzedwa, aliyense amafuna kuthamangira kuvavu, ndipo apa ndi pamene ndikukupemphani kuti muugwire mtima. Okonza paipi amagwira ntchito m'dzenje lodzaza matope, ndipo madzi oyamba kudutsa amanyamula dothi la m'dzenjelo, dzimbiri limene lasenduka m'kati mwa mapaipi ndi chilichonse chimene chinakokedwa pamene mphamvu inagwa. Tsekani kaye njira yopita kuthanki, kenako mutsegule vavu ya pamita ija ndi mpope wapanja umene uli pafupi kwambiri ndi mita. Poyamba udzatsokomola mpweya n'kumanjenjemera, kenako mudzatuluka madzi ofiira kapena akuda, nthawi zina onunkha, okhala ndi timchenga timene timakhazikika pansi pa ndowa. Alekeni atuluke, muwakhetsere m'migolo kuti akathirire maluwa, ndipo muzitunga m'tambula yagalasi n'kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala. Madzi akaoneka ngati mkaka koma n'kuyera kuyambira pansi m'kanthawi kochepa, umenewo ndi mpweya chabe, koma akakhalabe a mtundu, pitirizani kutaya.

Atayera, ayezeni ndi kabokosi kaja. Madzi a khonsolo ofika bwino amayenera kukhala ndi klorini yosachepera mamiligalamu 0.2 palita, ndipo akapanda kuonetsa mtundu uliwonse muwatenge ngati madzi a pachitsime amene akufunika mankhwala. Mukakhutira, tsegulani vavu ya kuthanki pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi, chifukwa madzi olowa mwamphamvu m'mapaipi odzaza mpweya amatha kuphulitsa zolumikizira za m'makoma anu omwe.

M'nyumbamo yambani ndi mipope ya madzi ozizira ya pansi, muzikwera nsanjika imodziimodzi mpaka chipinda chakutali kwambiri. Masulani kasefa ka kukamwa kwa mpope uliwonse ndi mutu wa shawa, chifukwa mchenga umaunjikana mmenemo, mutsegule madzi kwa mphindi zingapo, ndipo mugujumule chimbudzi chilichonse, ngakhale cha m'zipinda zimene simunagone munthu. Giza isayatsidwe isanadzaze: tsegulani mpope wa madzi otentha mpaka madzi azituluka mosadukiza ndiponso mopanda mpweya, kenako muyatse magetsi ndipo mulole kuti itenthe kufika madigiri 60. Kutentha kumeneku n'kofunika chifukwa madzi ofunda amene akhala osayenda amaswanitsa tizilombo ta Legionella, timene timalowa m'mapapo kudzera mu nthunzi ya shawa n'kuyambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa okalamba.

Kukhitchini ndi kubala ndi kumene zinthu zimaiwalika kawirikawiri. Ayezi yense amene anapangidwa kuyambira pamene vuto linayamba atayidwe, makinawo atsukidwe, ndipo ayezi woyamba kutuluka pambuyo pake atayidwenso, pakuti kuzizira sikupha tizilombo ta kolera kapena ta tayifodi. Makina a khofi, a zakumwa zosungunula ndi otsukira mbale atulutsidwe madzi akale, ndipo masefa awo asinthidwe, chifukwa sefa imene yagwira zonyansa imasanduka gwero la zonyansazo. Masamba odya osaphika atsukidwe ndi madzi otetezedwa okha.

Ngati vavu inachedwa kutsekedwa ndipo madzi oipa analowa m'thanki, palibe njira yachidule. Thankiyo ikhuthulidwe yonse, matope a pansi achotsedwe, makoma akwechedwe ndi burashi, kenako idzazidwe ndi madzi a klorini yamphamvu amene akhalemo maola 24 asanatayidwe, ndipo muyezo wa mankhwalawo auwerenge munthu wodziwa malinga ndi kukula kwa thankiyo. Munthu asalowe m'thanki yekha popanda mnzake womuyang'anira kunja, ndiponso asalowe pamene muli fungo la klorini, chifukwa m'malo otsekeka chotero munthu amakomoka asanathe kukuwa.

Chomaliza pa madziwo ndi kuwapimitsa. Tungani m'mabotolo a kulabotale kuchokera m'thanki, kukhitchini ndi m'chipinda chakutali, muwapititse tsiku lomwelo kumalo opimira monga a Standards Association of Zimbabwe, kapena mufunse a zaumoyo a khonsolo kuti akulozereni. Chimene amafufuza kwambiri ndi tizilombo ta E. coli, timene sitiyenera kupezeka ngakhale kamodzi m'mamililita 100, ndipo zotsatira zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Kufikira zitatuluka, timapepala ta pamipope tisachotsedwe ndipo alendo apitirize kumwa madzi a m'mabotolo kapena owiritsa, ngakhale a pampope akuoneka oyera bwanji.

M'masabata otsatira oyang'anira akhale tcheru ndi thanzi la antchito. Kolera imaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku 5, koma tayifodi imatha kubisala sabata imodzi mpaka atatu munthu asanayambe kutentha thupi. Wophika kapena woperekera zakudya amene watsegula m'mimba asagwire chakudya, ndipo asadulidwe malipiro chifukwa chonena zoona, apo ayi adzabisa matendawo n'kupitiriza kuphika. Wodwalayo ayambe pomwepo kumwa madzi a shuga ndi mchere monga mmene zipatala za kuno zimaphunzitsira, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'botolo la mamililita 750 la madzi owiritsa, ndipo apite kukiliniki yapafupi mosazengereza. Akamatsegula m'mimba mwamadzimadzi mosalekeza kapena kusanza, atengeredwe msanga kuchipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road kapena cha Wilkins, ndipo a zaumoyo auzidwe kumene amagwira ntchito kuti alendo amene anagona pamalopo masiku amenewo athe kufufuzidwa.